Ku Honfleur, kumene osema maboti anamanga tchalitchi

Msuweni wanga anandiuza usiku wa Lachisanu kuti mawa tikupita ku Honfleur ndipo lamulo lake ndi limodzi basi, osafunsa kuti tikachoka apa tipita kuti. Ndinaseka chifukwa ine mu foni ndinali nditalemba kale pulogalamu yonse ya masiku asanu amene ndinali nawo ku France, mawa Paris kukajambulitsa pa Eiffel, mkuja Mont Saint-Michel, kenako magombe amene panamenyedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, chilichonse chili ndi nthawi yake ngati shifiti. Anayitenga foniyo nkuwerenga mokweza pamaso pa amuna awo, nde amvekere "amuna anga inu, mwabwera ku holide kapena ku ganyu?" Musadabwe, ndi mwana wa amalume anga ameneyu, chisuweni chathu nchomwecho kuyambira tili ana ku Nkhotakota, ine ndimawatchula akazi anga iwo amuna anga, ndipo alamu athu achi French aja zinawatengera nthawi kuti amvetse zoti palibe mlandu apa.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, zausiku kwambiri, ndipo amene mumagwira ntchito imeneyi mukudziwa kuti thupi limazolowera kuthamanga moti ngakhale tsiku la ofu umadzuka mtima uli phaphapha ngati pali belu likulira penapake. Viza ndinavutika nayo, sitima yapamadzi kuchokera ku Portsmouth ndinalipira, nde mumtima ndimati ndalama zonsezi ndiyenera kuona zinthu zambiri kuti zibwerere. Asuweni anati ayi, Loweruka ili tikupita kumalo amodzi okha, tawuni yaing'ono ya anthu pafupifupi 7,000, ndipo tikakhala kumeneko mpaka dzuwa litalowa. Unali mwezi wa Juni, dzuwa kumeneko limalowa cha mma 10 koloko usiku, ndiye ganizani kutalika kwa tsikulo.

Iwo amakhala ku Le Havre, tsidya la kumpoto la pamene mtsinje wa Seine umathira mnyanja yamchere, Honfleur ili tsidya linalo. Pagalimoto ndi ulendo wa mphindi 30 kapena kuchepera, koma umadutsa pa mlatho wa Pont de Normandie, ndipo abale anga mlatho umenewu ndinangoti kukamwa yasa. Ndi wautali kupitirira makilomita awiri, anautsegula mu 1995, wapachikidwa pa zingwe zachitsulo zochokera pa nsanamira ziwiri zitalizitali, ndipo pakati pa nsanamirazo pali mamita 856 opanda chogwiriziza pansi. Umakwera ngati ukukwera phiri chifukwa pansi pake pamayenera kudutsa sitima zikuluzikulu zopita ku Rouen. Pamalipiritsa, alamu anangogunditsa khadi basi tadutsa. Ine ndinagwira chitseko mwamphamvu osayang'ana pansi, mwana wa kunyanja amene ndinakulira mu bwato, asuweni kumbuyo akungofa ndi phwete.

Alamu anandiuza chinthu china tili pamlathopo chimene chinandithandiza kumvetsa zomwe ndinakaona. Le Havre inaphwasulidwa ndi mabomba mu Seputembala 1944, pakati pa tawuni panatsala phulusa, nde anaimanganso yonse ndi konkire, misewu yotakasuka yowongoka ngati yojambula ndi lula. Honfleur mabomba sanaikhudze. Ndiye ukaoloka mlathowo umachoka mtawuni ya zaka 70 zapitazo nkulowa mtawuni imene nyumba zina zakhala zili chiimire zaka 400 kaya 500, zina zopendekeka ngati zaledzera koma sizikugwa.

Tinaimika galimoto kunja pang'ono nkuyamba wapansi, timisewu ta miyala toterera, ndipo mwadzidzidzi tinangotulukira pa doko lakale lija amati Vieux Bassin. Mukaona chithunzi cha Honfleur pa intaneti ndi pamenepa. Ndi dziwe lamakona anayi lomangidwa ndi miyala, mkati muli maboti a matanga atandandalika, ndipo mbali imodzi kuli nyumba zowonda zitalizitali zothithikana ngati anthu mu minibasi ya ku Area 25 madzulo, ina yotakasuka mawindo awiri okha koma yokwera nsanjika zisanu ndi imodzi kaya zisanu ndi ziwiri. Zambiri makoma ake anawakuta ndi timiyala takuda topyapyala, ndinayandikira nkugwira, ndi sileti yeniyeni ija agogo ankalembapo kusukulu ya mishoni, kuno akutchingira mvula ndi mphepo ya mchere. Dokoli analikumba mu 1681 molamulidwa ndi Colbert, nduna ya mfumu Louis XIV, chifukwa lakale linachepa.

Apa mpamene ndinayamba kufunsa mafunso a mwana wa kunyanja. Nyanja yathu ija madzi ake amakwera ndi dzinja nkutsika ndi chilimwe, pang'onopang'ono, bwato ukalisiya pa mchenga madzulo mmawa ulipeza pomwepo pokhapokha mwera utavuta. Kuno madzi amaphwa nkubweranso kawiri pa tsiku, osati pang'ono ayi, mamita angapo, moti kunja kwa tawuni kumene mtsinje wakumana ndi nyanja umaona matope okhaokha mtunda wautali, patapita maola ochepa pomwepo pali madzi oti sitima nkudutsa. Nde ndimati maboti ali mdokomu bwanji sakukhala pamatope? Alamu anandilozera zitseko zikuluzikulu za mmadzi zimene amatseka kuti madzi asathawe, boti likafuna kutuluka limadikira nthawi yake, mlatho waung'ono wa pamsewu nkuukweza, magalimoto onse kuima kudikira boti limodzi lidutse. Palibe woimba hutala. Ndinaimirira pamenepo nthawi ndithu kuonerera bambo wina wa ndevu zoyera akutulutsa kaboti kake mosapupuluma, galu wake atakhala kutsogolo ngati kapitawo.

Pakhomo pa dokolo pali chinyumba chakale cha miyala chooneka ngati anachimanga anthu osagwirizana, apa khoma la linga apa nyumba yogona, amati La Lieutenance chifukwa munkakhala woimira mfumu. Ndi chotsala cha mpanda umene unazungulira tawuniyi kale. Pakhoma pake pali chikumbutso cha Samuel de Champlain amene ananyamuka pa doko lino mu 1608 kupita kukayambitsa mzinda wa Quebec ku Canada. Ndinayang'ana kukula kwa dokolo, nkuganiza kukula kwa maboti amene akanakwana mmenemo, anthu awa anaoloka nyanja ya Atlantic yonse pa chinthu chimene Ilala ingachione ngati mwana wake. Pambali pake pali kachizungulire ka ana ka mahatchi amatabwa kakalekale, kakuzungulira ndi kanyimbo kake, agogo ataimirira mmbali kukweza manja mwana akamadutsa ulendo uliwonse.

Ndinatulutsa foni kuona nthawi, 10 koloko inali isanakwane ndipo ine mumtima ndimati doko taliona, tsopano chotsatira nchani. Asuweni anandiona. Sananene kanthu, anangokoka mpando pa lesitilanti ina ya mmbali mwa madzi nkukhala, nafenso tinakhala. Khofi anabwera mu kakapu kakang'ono ngati ka mankhwala a chifuwa, ndinamwa kamodzi kwatha, ndipo matenda athu aja osintha mayuro kukhala makwacha mmutu anandigwira pompo, ndinati ndalama iyi kwathu ndi usipa wa banja lonse. Ndinayamba kusuzumira weyita kuti abweretse bilu tizipita. Sabwera. Alamu anati kuno bilu sabweretsa usanaitanitse, kumubweretsera munthu bilu asanapemphe kuli ngati kumuthamangitsa, tebulo ndi lako mpaka utatopa wekha. Tinakhala pamenepo ola lathunthu ndi makapu opanda kanthu. Mphindi 20 zoyamba ndinavutika zedi, mwendo ukungogwedera pansi pa tebulo, kenako kaya chinachitika nchani, ndinayamba kuona zinthu, mayi wina pa windo la pamwamba penipeni akuthirira maluwa, mbalame zoyera za kunyanja zija zikulimbirana chidutswa cha buledi, chithunzi cha nyumba zonse zija chili chadodolido mmadzi chikugwedezeka boti likadutsa. Asuweni amvekere "mwaonatu, kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo masana ano nkhono zake mudya."

Loweruka ndi tsiku la msika, umakhala pabwalo la kumtunda pang'ono kuzungulira tchalitchi cha Sainte-Catherine. Msika ndi msika basi kulikonse, amayi kusankha tomato mmodzimmodzi, wogulitsa kukuwa, koma kunenerera mtengo kulibe ndipo ukafika pa benchi la munthu uyambe wanena bonjour, ukangoyamba ndi kuloza katundu amakuyang'ana ngati wamutukwana. Izi ndiye sizinandivute, kwathunso sungayambe kufunsa njira usanapereke moni. Chimene chinandivuta ndi tchizi. Dera limeneli la Normandy ndi la ng'ombe zamkaka ndi maapozi, nde tchizi zake ndi zotchuka, Camembert, Livarot, Pont-l'Évêque yamakona anayi imene dzina lake ndi la tawuni yapafupi pomwepo. Bambo wogulitsa anandidulira kachidutswa ka Livarot pa nsonga ya mpeni, fungo lake anthu inu, ngati sokosi ya mnyamata wa ku sekondale yogonera konko. Ndinadya chifukwa cha ulemu. Koma zoona zake mkamwa sinali yoipa ayi, ndi mphuno yokha imene inakana, ndipo ndinakumbuka kuti alamu omwewa atapita kwathu anathawa fungo la usipa wouma pa thandala pamene ife timati ndiye kununkhira kwa ndiwo kumeneko.

Tsopano tchalitchi chija. Ichi ndi chimene chandipangitsa kulemba zonsezi, zinazi ndi zongoperekeza.

Kunja sichioneka ngati matchalitchi ena a ku France amene ndi miyala yosemasema yofika kumwamba. Ichi ndi chamatabwa, chachifupi, chotambalala, makoma ake okutidwa ndi timatabwa ting'onoting'ono tosanjikizana ngati mamba a chambo. Ukalowa nkukweza maso ndiye umaona. Denga lake ndi boti lovundikira. Osati kufanana pang'ono ayi, ndi mimba ya boti yeniyeni, nthiti zake zonse zikuoneka kuchokera pa msana kutsika mbali zonse ziwiri, ndipo si limodzi, ndi maboti awiri ogundizana, pakati pake mzere wa nsanamira zamitengo. Nkhani yake ndi yoti nkhondo ija ya zaka 100 ya pakati pa France ndi England itatha cha mma 1450, tchalitchi chakale chinali chitagumuka, ndalama zoitanira amisiri a miyala panalibe, miyalayo inkafunika kukonzera malinga. Anthu a pa doko anati ife tili ndi amisiri athu, osema maboti, ndipo nkhalango ili pafupi. Amisiriwo anamanga chimene manja awo ankadziwa. Anayamba ndi mbali imodzi, anthu atachuluka anawonjezera inzake pambali. Mpaka lero ndi tchalitchi chamatabwa chachikulu kuposa china chilichonse mu France.

Bambo anga ndi osema mabwato, pano anakalamba maso akuvuta koma manja akadali ndi zipsera za kasemasema. Ndili mwana ndinkapita nawo kukaona akugwetsa mtengo, kuuyeza ndi maso okha, kuyamba kukumba mkati masabata angapo mpaka chigogo chija chisanduke chinthu choyandama chonyamula anthu atatu ndi chilimira. Palibe pepala, palibe pulani yojambula. Ndiye nditagwira nsanamira imodzi mtchalitchimo ndinamva timabampu ta nkhwangwa pansi pa zala zanga, mtengo sunapalidwe ndi makina, munthu anausema kamodzikamodzi, ndipo nsanamira zina nzazifupi kuposa zinzake moti anaziika pa miyala kuti zifanane, monga momwe bambo amachitira mtengo ukakhala wokhota, sautaya, amaupezera nzeru. Ndinakhala pa benchi. Munali fungo la matabwa akale ndi makandulo, kuwala kukulowa pa mawindo a mmwamba, alendo akulowa kujambula nkutuluka, ine ndili phee. Sindine munthu wolira wamba koma pakhosi panandithina, ndimaganiza kuti anthu ngati bambo anga, amene kwathu amangotchedwa amisiri a kudoko ndipo pa msonkhano wa tchalitchi sapatsidwa mpando wakutsogolo, kuno anamanga nyumba ya Mulungu yonse ndipo yakhala zaka zoposa 500. Asuweni anabwera nkukhala pambali panga, nthabwala zonse zitatha, anangoti "mukuganiza za amalume eti." Ndinangogwedeza mutu.

Nsanja ya mabelu ili payokha, tsidya la bwalo, nayonso yamatabwa, yochirikizidwa ndi mitengo mmbali ngati nkhokwe yoopa kugwa, pansi pake pali nyumba imene munkakhala woimba belu. Anaipatula dala, denga lamatabwa silikanatha kusenza kulemera kwa mabelu, komanso mphezi ikamenya nsanja moto usafike kumene kuli anthu. Nzeru za anthu oti moto pa boti amaudziwa kuopsa kwake.

Nkhomaliro kuno ili ndi nthawi yake, 12 koloko mpaka cha mma 2, ukachedwa malo ambiri khitchini amatseka ngakhale uli ndi ndalama mmanja. Alamu anakana kudya mmbali mwa doko, akuti pamenepo umalipira maso, tinalowa kamsewu kakumbuyo. Nkhono zija zinabweradi, amati moules, timakungwa takuda ta mnyanja tophikidwa mu mpoto wachitsulo ndi anyezi ndi kirimu, pambali tchipisi. Mpoto wonse wa munthu mmodzi. Kadyedwe kake umatenga chikungwa chimodzi chopanda kanthu nkumatsinira nacho tinzake ngati kapani, ndipo iliyonse imene sinatseguke pophika osaidya. Ndinayamba mwamantha, ndinamaliza ndikupukuta msuzi ndi buledi, buledi amene amangobweretsa waulere limodzi ndi madzi a pampopi mu botolo. Asuweni anaitanitsa tina totuwa ting'onoting'ono tamiyendo yambiri, crevettes grises, timene asodzi a pa Honfleur amatchuka nato mpaka amachita chikondwerero chake chaka ndi chaka. Ndinawayang'ana alamu akuswa timitu nkumatafuna, nkuwakumbutsa kuti ndi iwo omwe anakana ngumbi ndi bwanoni kwathu ati ndi tizilombo. Izi nanga ndi chani, si ziwala za mmadzi izi? Anaseka mpaka kutsamwa. Chakumwa chinali cidre, mowa wa maapozi wosawawa kwenikweni, wothetheka ngati fanta. Ulinso wina wotcheza kuchokera ku maapozi omwewo, calvados, umenewo ndinangolawa kadontho, ndi kachasu wovala suti basi.

Titakhuta tinayenda pang'onopang'ono kudutsa mbali yakale ya tawuni kuseri kwa doko, kumene kuli nyumba ziwiri zikuluzikulu zamiyala zimene zinali nkhokwe za mchere. Anazimanga mu 1670, zinalipo zitatu, ndipo zinkasunga mchere wokwana matani 10,000. Mchere wonsewo unali wa nsomba, maboti a pano ankapita kutali ku Newfoundland kukapha nsomba ija amati cod, miyezi yambiri panyanja, nde popanda firiji njira inali kuithira mchere basi. Komanso mchere unali ndi msonkho wa mfumu, nchifukwa nkhokwe zake zili ngati ndende. Masiku ano amachitiramo zionetsero ndi makonsati. Denga lake mkati ndi luso lomwe lija la amisiri a maboti.

Pali china chimene pa mapositikhadi sichilembedwa. Mzaka za mma 1700 maboti ena ochoka pa doko lokongolali ankapita ku magombe a Africa kukagula anthu nkukawagulitsa ku zilumba za Caribbean, makamaka Saint-Domingue imene lero ndi Haiti, nkubwerako ndi shuga ndi khofi. Honfleur inali limodzi mwa madoko a ukapolo a France, laling'ono poyerekeza ndi Nantes koma linalimo. Alamu ndi amene anayambitsa nkhaniyi okha, mwina anaona kuti ndi bwino ndimve kwa iwo. Ine sizinandidzidzimutse kwenikweni, ndine wa ku Nkhotakota, ndinakula ndikusewera pafupi ndi mkuyu umene amati Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, ndipo gombe limene tinkasambira ndi lomwe ankakwezera anthu mu zombo kuwaolotsa nyanja ulendo wa ku Kilwa. Doko lokongola lokhala ndi mbiri yonyansa ndikulidziwa kale. Kungoti nditabwereranso kuyang'ana nyumba zowonda zija ndinayamba kudzifunsa kuti iyi inamangidwa ndi ndalama ya nsomba kapena ya anthu, ndipo nyumba siyankha.

Ku nyumba yosungira zojambula ya Eugène Boudin ndinalowa mokakamizidwa, ine za penti sindizitsata. Boudin anabadwira mtawuni muno mu 1824, mwana wa munthu wa pamadzi, ndipo ndi amene anamukoka Claude Monet, amene anadzakhala wojambula wotchuka kwambiri, akadali mnyamata kuti asiye kujambula tizithunzi toseketsa ta anthu apite panja akajambule zimene maso akuona. Ojambula ambiri ankasonkhana pa famu ina kumtunda kwa tawuni, Saint-Siméon, kumwa cidre nkumajambula mtsinje, pano ndi hotela yodula yoti ine ndi malipiro anga ndingangoionera pa geti. Chimene ndinaona pa zithunzi za Boudin nchoti munthuyu ankajambula mitambo, pansi kamchenga ndi tianthu tochepa, kwina konseko thambo lokhalokha. Poyamba ndimati kuwononga penti uku. Koma titatuluka ndinakweza maso, kumwamba kwa pamenepa kumasintha mphindi zilizonse, kuwala kotuwa ngati siliva kenako buluu kenako mdima wa mvula imene sigwa, ndipo msodzi aliyense amadziwa kuti nkhani yonse ya tsiku imalembedwa kumwamba. Mwana wa wapamadzi ankajambula chimene bambo ake ankayang'ana mmawa uliwonse. Nyumba ya Erik Satie, woimba piyano uja anabadwira konkuno mu 1866, tinangoidutsa panja, miyendo inali itayamba kudandaula.

Koma asuweni anati patsala phiri. Ndinati akazi anga mundipha, amvekere "mukafa ndilowa chokolo kwa ndani, tiyeni." Njira yake ndi yotsetsereka zedi, kukwera pakati pa nyumba kenako mmitengo, mpaka pamwamba pa Côte de Grâce. Pamenepo pali kachalichi kakang'ono, Notre-Dame de Grâce, komangidwa pakati pa 1600 ndi 1615 mmalo mwa kena kakale kamene kanagwa phiri litagumuka. Mkati mwake makoma onse adzaza timiyala tolembedwa merci, kutanthauza zikomo, ndipo kudenga kwapachikidwa timaboti tosema, tina tamatanga athunthu ndi zingwe zake zonse. Awa ndi malonjezo a anthu a pamadzi, munthu namondwe akamupeza pakati pa nyanja ankalonjeza kuti ndikapulumuka ndidzabweretsa chakuti, nde akafika amakwera phiri lomweli kudzapereka. Chaka chilichonse pa Pentekoste amachita mwambo wodalitsa nyanja, maboti atakongoletsedwa, kenako ana amanyamula timaboti kukwera nato kuno. Ndinaganiza za amayi a kwathu amene amaima pa gombe mbandakucha mwera ukawomba usiku, kuwerenga nyali zimene zikubwerera. Amene sanabwerere alibe kamwala kolembedwa, kuno kaya kwathu.

Panja pake pali malo oonera patali. Mtsinje wonse uli pansi pako, mlatho uja tinadutsa mmawa ukuoneka ngati ulusi wa kangaude, tsidya linalo ma kireni a doko la Le Havre ndi sitima za makontena zazitali ngati mudzi. Tinakhala pa udzu, alamu anagona chagada chipewa kumaso, asuweni anatulutsa mapichesi amene anagula ku msika tinayamba kudya madzi ake akutsikira mzigongono. Tinacheza za kumudzi, za amene anamwalira, za amene anakwatiwa, za denga la nyumba ya agogo limene likufunika malata atsopano ndipo aliyense pa gulupu ya banja akungoti tiona. Nditafuna kuona nthawi ndinapeza kuti foni inazima kalekale batire itatha, ndipo sindinadziwe kuti inazima nthawi yanji.

Tinatsika cha mma 8 dzuwa likadali ngwee, mabasi a alendo atapita, doko litatsala la eni ake. Kunja kwa zitseko zija madzi anali atabwerera, matope onse aja osaonekanso. Tinagula ayisikirimu nkukhala pa khoma la doko miyendo ili lendelende pamwamba pa madzi ngati ana, mpaka magetsi a mmalesitilanti anayamba kuyaka limodzilimodzi nkumaonekera mmadzimo.

Mmawa wake nditatchaja foni ndinatumiza zithunzi za denga lija kwa mlongo wanga kuti akawaonetse bambo, nkujambula mawu kufotokoza zonse, kuti ndi osema maboti anamanga, kuti zaka zake ndi zoposa 500, kuti nkhwangwa zake zikuonekabe. Yankho linabwera madzulo, mawu a bambo ali patali pang'ono ndi foni, kumbuyo nkhuku zikulira. Sanadabwe ngakhale pang'ono. Anafunsa kuti mtengo wake ndi wanji, mbawa kapena chani, ndinawayankha kuti ndi uja mBaibulo amati thundu. Kenako anati chithunzi chachiwiri achikulitse, anayang'ana nthawi yaitali mlongo wanga akuti mpaka anachiyandikiza pamphuno, nde amvekere "nthitizi anazilumikiza bwino. Koma ukawafunse, mvula ikamagwa sikudontha pamene mabwato awiriwo akumana?"